CHENJEZO: Bondo la mtsikana likamawawa, ntchafu imakhala ikufota

Uthengawu ukupita kwa atsikana ndi amayi achitsikana, kwa makolo, kwa aphunzitsi a masewera, kwa mametironi a m'sukulu zogonera komweko, ndi kwa makochi a mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye. Bondo limene lawawa kupitirira mwezi si lopirira. Lekani kunena kuti ndi kukula. Lekani kunena kuti mwanayo wayamba ulesi, akuthawa kumjigo. Lekaninso kulikulunga bandeji n'kumugoneka pamphasa kuti lipole lokha. Nthawi yonse imene mukudikirayo, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakhala ikufota, ndipo ikafota bondolo limayamba kuwawa ngakhale pa kantchito kochepa. Ambiri amadzatulukira zimenezi patapita zaka, atasiya mpira, atasiya kuvina, ena atakanika ntchito yoima tsiku lonse imene ikanawadyetsa.

Tisanafike ku ntchafuko, pali mawondo ena amene sagona nawo m'nyumba. Bondo likatupa n'kumatentha ukaligwira, mwini wake thupi lili moto ndipo sakulola n'komwe kuti mulipinde, pitani naye kuchipatala lero lomwe, kaya ndi usiku. Akhoza kukhala mafinya m'kati mwa mfundo, ndipo mafinya amadya chicherewecherewe cha kumapeto kwa mafupa m'masiku ochepa chabe. Kwa amayi achitsikana, chinzonono chosachizidwa chimatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika m'bondo. Adokotala akafunsa za kumeneko ayankheni zoona. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Ululu umene umadzutsa mtsikana pakati pa usiku, makamaka ngati pamwamba kapena pamunsi pa bondo pali chotupa cholimba chimene chikukulirakulira, ukufunika kujambulidwa mwamsanga. Khansa ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma si yofala, koma imagwira kwambiri achinyamata a zaka zapakati pa 10 ndi 20, ndipo malo amene imakonda ndi pafupi ndi bondo pomwepo. TB nayo imalowa m'mafupa ndi m'mfundo: bondo limatupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuwonda, akutuluka thukuta usiku. Ululu wodumphadumpha, lero bondo, mawa kakolo, mkuja chigongono, mwa mwana amene anadwala zilonda zapakhosi masabata awiri kapena atatu apitawo, ungakhale chiyambi cha matenda owononga mtima. Mtsikana wa zaka 10 mpaka 14 amene akutsimphina, phazi likuloza kunja, apimidwenso m'chiuno ngakhale iye akuloza bondo, chifukwa mutu wa fupa la ntchafu ukaterereka pamene fupalo limakulira, ululu umakamvekera kubondo.

Chimodzimodzinso amene anamva kanthu kakuduka m'bondo potera kapena potembenuka pa mpira, bondo n'kutupa tsiku lomwelo. Amene bondo lakakamira, silikuwongoka. Mayi woyembekezera, wongobereka kumene kapena womwa mapiritsi olera amene katumba wa mwendo umodzi watupa n'kumawawa, pakuti magazi amatha kuundana mumtsempha. Amene miyendo yonse iwiri yafooka ndi dzanzi, mkodzo n'kumavuta. Ndi aliyense wodwala sickle cell. Onsewa njira yawo ndi ya kuchipatala. Si ya kugolosale, si ya kwa asing'anga.

Mawondo ambiri a atsikana sali m'gulu limeneli. Vuto lofala kwambiri ndi limene madokotala amati patellofemoral pain, ululu wa kuseri kapena m'mbali mwa kafupa kakutsogolo kwa bondo, kambale ka bondo kaja. Mukamufunsa mtsikana kuti pakuwawa ndi pati, saloza ndi chala chimodzi. Amaphimba bondo lonse ndi chikhatho n'kunena kuti, "Apa ponse, m'katimu." Limawawa potsika masitepe kapena chitunda, ponjuta kuchimbudzi, pogwada, pothamanga, ndiponso akakhalitsa atalipinda, pabenchi m'kalasi kapena pampando wakumbuyo mu minibasi. Muoneni potsika minibasiyo: amayamba waima kaye atagwira chitseko, kenako amaponda mosamala mpaka bondo litamasuka. Nthawi zambiri silitupa, ndipo akajambula mafupa amaoneka abwinobwino. Ngozi yagona pamenepa. Kunyumba amangomva kuti "adokotala sanapeze kanthu", nkhani n'kuthera pomwepo.

Kanthu kalipo, ndipo si ka anthu ochepa. M'chaka cha 2018 ofufuza a ku Britain anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti pa chaka, anthu pafupifupi 23 pa 100 alionse amamva ululu umenewu, ndipo pakati pa achinyamata amafika 29 pa 100. Ku sukulu ya asilikali a pamadzi ya United States Naval Academy, anatsatira ophunzira oposa 1,500 amene ankachita mafizo ofanana, ndipo lipoti la 2010 linaonetsa kuti akazi ankagwidwa ndi vutoli kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amuna. Kwa nthawi yaitali mlandu unkapita kwa chiuno cha akazi, ati chifukwa n'chotambalala fupa la ntchafu limatsika mopendekeka n'kukokera kambale kaja kumbali. Koma ofufuza atatsatira anthu kuyambira asanadwale, kupendekeka kumeneko sikunathe kulosera amene adzadwale. Ndi nkhani yabwino imeneyi, chifukwa chiuno munthu sangachisinthe, pamene mphamvu za minofu angathe kuzisintha.

Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu inayi yotchedwa quadriceps. Yonse imakumana kumunsi n'kukhala mtsempha umodzi wolimba, umene umakuta kambale ka bondo n'kukamangirira pa fupa la msongolo. Ntchito imene ambiri amaidziwa ndi yowongola bondo, monga pomenya mpira. Koma ntchito yake yaikulu pa tsiku ndi ya mabuleki. Ukamatsika chitunda, ukamakhala pansi, ukamatera utadumpha, ndi minofu imeneyi imene imaligwira thupi kuti lisagwere pabondo kamodzin'kamodzi. Njinga ya kabaza yotha mabuleki imayenda bwinobwino pamalo athyathyathya, imadzaonekera potsetsereka itanyamula munthu. N'chifukwa chake mtsikana amatha kuyenda ulendo wautali osadandaula, koma masitepe khumi okha otsika n'kumukanika, anthu n'kumati akunamizira.

Kulemera kumene kambaleka kamasenza si kwamasewera. Miyezo imene ofufuza Reilly ndi Martens anafalitsa mu 1972, imene akatswiri amaitchulabe mpaka pano, inaonetsa kuti poyenda pamalo ofanana kamapanikizika ndi theka la kulemera kwa thupi, pamasitepe kuposa katatu kulemera kwa thupi, ndipo ponjuta mpaka pansi kuposa kasanu n'kawiri. Kwa mtsikana wa makilogalamu 55, ndiye kuti pamasitepe ndi makilogalamu pafupifupi 180, ponjuta oposa 400. Tsopano musenzetseni chigubu cha malita 20, chimene ndi makilogalamu 20 owonjezera, azitsika nacho m'tinjira ta ku Ndirande kapena ku Chilobwe kangapo pa tsiku, akabwerako akolope atagwada, achape atanjuta, kenako kuchimbudzi chokumba. Bondo la mphamvu limazipirira zonsezi, ndipo limalimba nazo. Bondo limene layamba kale kuwawa, lokhala pansi pa ntchafu yofooka, limapwetekanso tsiku lililonse lisanapume.

Ntchafu imafota m'njira ziwiri. Yoyamba mukhoza kuiona ndi maso. Mtsikana amayamba kulisunga bondolo osadziwa n'komwe. Potsika amatsogoza mwendo wodwalawo nthawi zonse kuti wabwinowo ndi umene upinde. Podzuka pampando amakankha ntchafu ndi manja. Poima amatsamira mbali imodzi. Mnofu umene sukupatsidwa ntchito umayamba kuchepa m'masabata ochepa. Njira yachiwiri ndi yobisika: bondo likamawawa kapena likatupa, mitsempha imatumiza uthenga woti minofu ya ntchafu isakoke mwamphamvu, ngakhale mwini wake akufunitsitsa. Mu 1984 ofufuza anayesa kuthira madzi amchere m'mawondo a anthu abwinobwino, n'kupeza kuti mamililita 20 mpaka 30 okha, masipuni aakulu awiri, anali okwanira kufooketsa mnofu wa chakumkati kwa ntchafu, uja umatukuka pamwamba pang'ono pa bondo. Choncho kumukalipira mwana kuti alimbe mtima sikuthandiza, thupi lenilenilo ndi limene lachepetsa mphamvu. Minofu ya m'matako ndi ya m'mbali mwa chiuno nayo imapezeka yofooka mwa akazi ambiri odwala vutoli, ndipo ikafooka bondo limagwera m'kati munthu akaponda ndi mwendo umodzi.

Chimayamba n'chiyani, kufooka kapena ululu? Zonse ziwiri zimachitika. Pakati pa olowa kumene usilikali, amene anabwera ndi ntchafu zofooka ndiwo ankadwala kwambiri mafizo akakula. Izi ziwakhudze atsikana amene amadzuka tsiku limodzi n'kuyamba kuthamanga makilomita ambirimbiri pokonzekera kuyesedwa ntchito ya upolisi kapena usilikali, thupi lisanazolowere. Koma ku Aalborg m'dziko la Denmark, gulu la wofufuza Michael Rathleff linapeza chinthu chofunika kuti makolo achimve. Ana a zaka 12 mpaka 16 odwala bondo anali ndi mphamvu zofanana ndi anzawo osadwala, pamene atsikana okulirapo, a zaka 15 mpaka 19, amene ambiri anali atakhala ndi ululu kwa zaka, ntchafu zawo zinali zitafooka. Ine ndimawerenga zimenezi motere: kufooka kumaunjikana m'zaka zija timauza mwana kuti zidzatha zokha. Mtsikana wa Fomu 1 amene akudandaula lero akadali ndi mphamvu zake. Wa Fomu 4 amene takhala tikumunyalanyaza, tamudyera kale zina.

Zoti zidzatha zokhazo, manambala akukana. Gulu lomwelo la ku Aalborg linatsatira achinyamata 504 odwala mawondo. Patatha zaka ziwiri, oposa theka ankamvabe ululu. Patatha zaka zisanu, 40 pa 100 alionse anali akadali nawo, ndipo ambiri mwa amenewo anali atachepetsa kapena kusiyiratu masewera. Ku Oxford, madokotala anatsatira atsikana amene anabwera ndi ululu wa kutsogolo kwa bondo kwa zaka 14 mpaka 20, ndipo lipoti lawo la 1998 linati ambiri anapezako bwino, koma mmodzi mwa anayi alionse anali akuvutikabe kwambiri.  Komanso ntchafu yofooka imawonjezera chiopsezo cha nyamakazi ya m'mawondo munthu akamakula, makamaka kwa akazi.

Mukhoza kuona nokha kunyumba ngati ntchafu yayamba kutha. Mtsikana akhale pamphasa atatambasula miyendo, alimbitse ntchafu zonse ziwiri. Yang'anani pamwamba pa bondo chakumkati: mwendo wabwino pamatukuka kamnofu kolimba, wodwalawo pamakhala pophwa ndi pofewa. Tengani tepi ya atelala kapena kachingwe, muyeze kuzungulira ntchafu pa masentimita 10 kuchokera pamwamba pa kambale ka bondo, mbali zonse ziwiri. Kusiyana kwa sentimita imodzi kapena masentimita awiri n'kofunika kukauza adokotala, ngakhale kuti mafuta amatha kubisa mnofu wofota, ndiye muyezo wofanana sukutanthauza kuti zonse zili bwino. Kenako aime pa sitepe ya pakhonde ndi mwendo umodzi, atsitse chidendene cha mwendo winawo pang'onopang'ono mpaka chigunde pansi. Inu muime kutsogolo kwake. Bondo likamanjenjemera, likamagwera m'kati moloza chala chachikulu, chiuno n'kupendekeka, kapena akangogwa nacho m'malo motsika mwaulemu, mabuleki aja atha. Kulira kwa bondo pakokha kusakuopseni. Mawondo ambiri abwinobwino amathetheka, ndipo atsikana ambiri asiya mafizo pachabe poganiza kuti mafupa akuperesana.

Tsopano za mankhwala, pamene ambiri akudzivulazira. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi amapezeka paliponse, ndipo pali atsikana amene amamwa asanalowe m'bwalo, amamwa asanapite kumunda, mwezi ndi mwezi. Mapiritsiwa amaphimba ululu kwa maola angapo, koma sawonjezera mnofu ngakhale pang'ono. Akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba zotha kutaya magazi, ndipo amawononga impso. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga TLD, asamwe mankhwala amenewa mwachisawawa osafunsa kuchipatala, chifukwa onse awiri amalemetsa impso. Woyembekezera awapewe, makamaka mimba ikafika masabata 20. Oopsa kwambiri pa nkhani ya ntchafu ndi prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amamwa pofuna kuthetsa ululu, ena pofuna kunenepa. Nkhope ndi mimba zimafufuma, anthu n'kumakuyamikira kuti wapeza bwino, pamene mankhwala omwewo akusungunula minofu ya m'ntchafu ndi m'chiuno mpaka munthu kumalephera kudzuka pampando, ndipo amathanso kupha mutu wa fupa la ntchafu. Ngati mwakhala mukumwa kwa masabata angapo musasiye mwadzidzidzi, nakonso n'koopsa. Pitani akakuuzeni kasiyidwe kake.

Kutema mphini pabondo sikufika pamene pali vuto, ndipo lezala wogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo akhoza kukupatsani matenda amene munalibe. Bandeji yovala tsiku lonse kwa miyezi imangomuphunzitsa mtsikana kuti bondo lake ndi lopunduka. Opaleshoni nayo si yankho pa vuto limeneli. Ku Finland, mu kafukufuku wa 2007, odwala 56 anagawidwa pawiri, ena anawachita opaleshoni yolowetsa kachipangizo m'bondo kenako mafizo, ena mafizo okha, ndipo pamapeto magulu onse anapeza bwino mofanana. Musagulitse mbuzi chifukwa cha opaleshoni imene bondo la mtundu umenewu silikufuna.

Kwa makochi ndi aphunzitsi a masewera, mawu anga ndi olimbirako. Ntchemberembaye ndi masewera a kudumpha, kutera ndi kuima mwadzidzidzi, pakuti lamulo silikulola kuyenda ndi mpira, ndipo mabwalo athu ambiri ndi a dothi louma gwa kapena simenti. Mtsikana wotera ndi bondo lowongoka, logwera m'kati, ali pa chiopsezo choduka mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, umene pa masewera ofanana umaduka kawirikawiri mwa akazi kuposa amuna. Katswiri wa ntchemberembaye Mwawi Kumwenda anaduka mtsempha umenewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Anabwereranso m'bwalo mu 2019, ndipo mu 2020 anatenga chikho ndi timu yake, koma iye anali ndi madokotala a opaleshoni ndi akatswiri a mafizo omuyang'anira kwa miyezi yambiri. Mtsikana wosewera pabwalo la sukulu ya kumudzi alibe zimenezo. Ndipo ngakhale kumene zilipo, mtengo wake ndi waukulu: ku Sweden, mwa akazi osewera mpira wa miyendo amene anaduka ACL, theka anapezeka ndi nyamakazi m'bondo patangotha zaka 12, ambiri akadali ndi zaka za m'ma 30.

Chopewera chilipo ndipo sichifuna ndalama. Ku Norway, atsikana 1,892 a zaka 13 mpaka 17 anali mu kafukufuku wa 2008 wa mafizo otenthetsa thupi amene pano amadziwika kuti FIFA 11+, ndipo m'matimu amene ankawachita kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Sweden, mu kafukufuku wa 2012, pa atsikana 4,564, mafizo a mphindi 15 kawiri pa sabata, olimbitsa ntchafu ndi chiuno ndi kuphunzitsa kateredwe, anachepetsa kuduka kwa ACL ndi 64 pa 100. Kuwazungulitsa bwalo katatu n'kuwaponyera mpira si kutenthetsa thupi kokwanira. Aphunzitseni kutera ndi mawondo opinda, oloza kumene zala zikuloza. Ndipo mtsikana akanena kuti bondo likuwawa, musamupatse chilango cha kudumpha ngati chule kapena kugwada pamiyala. Atsikana ambiri tsopano akulota za akatswiri a mpira wa miyendo Tabitha ndi Temwa Chawinga. Musawathere mawondo asanafike n'komwe ku timu ya boma.

Nanga wodwala kale atani? Akatswiri a vutoli atakumana ku Gold Coast ku Australia mu 2017 anagwirizana kuti chithandizo choyamba ndi mafizo, ndipo olimbitsa ntchafu pamodzi ndi chiuno amathandiza kuposa a bondo lokha. Koma asanayambe, achepetse kaye zimene zikulipweteka. Kuchepetsa, osati kugona. Kwa masabata anayi oyamba asiye kudumpha, kuthamanga ndi kunjuta mpaka pansi, koma aziyenda, azikwera njinga ngati sikuwawa. Achape atakhala pa kampando. Akolope ndi mopu wa mtengo. Madzi atunge theka la chigubu, kapena achimwene ake agwireko ntchito imeneyo, sadzafa nayo. M'chimbudzi chokumba mumuzikire mtengo wogwirira kapena mumangirire chingwe cholimba kuti manja azithandiza potsika ndi podzuka. M'kalasi aziloledwa kutambasula mwendo. Ndipo agogo, azakhali ndi apongozi, mumukhululukire kugwada kwa miyezi ingapo. Akhoza kukupatsani moni atakhala pansi miyendo ili yotambasula, ulemu wake sunachoke.

Mafizo oyambira safuna jimu. Akhale pamphasa, apinde chitenje n'kuchiika pansi pa bondo, akanikize bondolo pachitenjepo mpaka ntchafu italimba, awerenge mpaka 10, apume, abwereze kakhumi. Agone chagada mawondo atapinda, anyamule matako m'mwamba mpaka thupi liwongoke kuchokera paphewa kufika pabondo, atsike pang'onopang'ono. Agone chammbali, mwendo wodwala uli pamwamba, aukweze uli wowongoka, chidendene chili chakumbuyo pang'ono, mpaka amve kutentha m'mbali mwa thako. Izi zikayamba kupepuka, apite pa kudzuka ndi kukhala pampando osagwira, kutsika kwake kukhale kochedwa, kwa masekondi atatu kapena anayi. Kenako kukwera ndi kutsika pa njerwa imodzi, pambuyo pake ziwiri, akuyang'anitsitsa kuti bondo lisagwere m'kati. Kenako zomwezo atanyamula botolo la malita 5, kenako awiri. Pamenepa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakhalira mafizo opepuka omwe aja miyezi itatu n'kumati sakuthandiza. Mnofu umakula pokhapokha ukamatopa. Ngati akutha kubwereza ka 15 osamva kanthu, katunduyo wachepa.

Lamulo la ululu ndi ili. Tiyerekeze kuti 0 ndi kusamva kanthu ndipo 10 ndi ululu wosapiririka. Pochita mafizo ululu wa 2 kapena 3 ndi wololeka, bola m'mawa mwake ukhale utabwerera mwakale. Ukapitirira, abwerere sitepe imodzi m'mbuyo, osati kusiya. Azichita katatu pa sabata, tsiku lopuma pakati, kwa masabata 12 osadukiza. Sabata yoyamba ndi yachiwiri sadzaona zachilendo, ndipo ndi nthawi imene amafunika wina womukumbutsa. Njira yochepetsa kaye ntchito n'kumaibwezera pang'onopang'ono pamodzi ndi mafizo inayesedwa ku Denmark pa ana 151 a zaka 10 mpaka 14, ndipo patatha masabata 12, 86 pa 100 alionse anati apeza bwino. Kubwerera ku mpira kukhalenso kwa pang'onopang'ono: kuthamanga mowongoka kaye, kutembenuka pambuyo, kudumpha pomaliza. Chakudya nacho chisaiwalike, mnofu sumangidwa ndi nsima ndi masamba okha. Nyemba, soya, mtedza, usipa ndi dzira zikapezeka zimufikenso mtsikanayo, osati abambo ndi anyamata okha. Amene akudzimana chakudya kuti aonde kwinaku akuthamanga, msambo n'kusiya, akufooketsa mafupa ake ndipo nayenso akufunika kuonana ndi adokotala.

Yambirani ku chipatala chaching'ono chapafupi, mukapemphe kutumizidwa ku chipatala cha boma, kumene kumakhala azachipatala ophunzira za mafupa. Madipatimenti a mafizo alipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba Central ndi ku Mzuzu Central. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre ndi chipatala cha Beit CURE chimene chimaona ana a mavuto a mafupa, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central pomwepo. Kuyambira 2010 dziko lino lakhala likuphunzitsa lokha akatswiri a mafizo ku College of Medicine, imene tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Akadali ochepa, mizere ndi yaitali, choncho mukafika pamaso pawo musawononge mwayiwo ndi kungoti "bondo likuwawa". Nenani mwezi umene linayamba, ntchito zimene zimalidzutsa, ngati linatupapo kapena kugwetsapo munthu, ndi mankhwala onse amene amwedwa, a kugolosale ndi a zitsamba omwe. Akakupatsani mapiritsi okha, funsani mwaulemu kuti, "Nanga mafizo a ntchafu ndi chiuno ndingakaphunzire kuti?" Akakuonetsani, chitani pamaso pawo kuti akukonzeni, ndipo pemphani kuti awalembe m'buku lanu la kuchipatala. Ngati patatha masabata 6 mukuchita mokhulupirika palibe kusintha, kapena bondo layamba kutupa, kukakamira, kugwetsa munthu kapena kuwawa usiku, bwererani ndi bukulo musanafike pa tsiku limene anakupatsani.